Tayi pakhosi, juzi pamwamba: luso la kuvala kwa abambo m'chisanu cha ku Luwawa

Mwezi wa June ukangolowa, dera la Luwawa limasintha nkhope. Nkhungu imagona m'nkhalango ya paini mpaka dzuwa litakwera, madzi a m'damu amafuka nthunzi ngati mphika wa phala, ndipo mphepo ya m'mapiri a Viphya imalowa mpaka m'mafupa. Derali lili pamalo okwera mamita oposa 1,500, choncho usiku wa June ndi July kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo ena udzu umadzuka utayera ndi chisanu.

Ngakhale zili choncho, Lamulungu m'mawa bambo wa ku Luwawa, ku Champhira, pa Jenda kapena paboma la Mzimba sapita ku Misa atafunda bulangete. Amasita malaya, kumanga tayi, kuvala juzi, ndipo ngati ali nalo, amaponya jekete pamwamba. Mlendo aliyense amaona msanga kuti mwamuna wa ku Mzimba amakonda kutchena.

Ena angadabwe kuti nkhani ya malaya ndi matayi ikufunanji m'magazini ya zaumoyo ndi chitukuko. Yankho lake ndi lakuti m'chovala cha bambo muli zinthu zitatu zimene zimakhudza banja lonse: ulemu wake pagulu, ndalama za pakhomo, ndi thanzi la thupi lake. Bambo wodziwa kusankha amaoneka bwino ndi zovala zochepa, samva chisanu, ndipo sadya ndalama ya feteleza pogula malaya oti avale tsiku limodzi.

Tayi adafika bwanji ku Mzimba?

Kudzikongoletsa kwa mwamuna si chinthu chobwera ndi sitima. Amene adafikapo pamwambo wa Umthetho, umene umachitika mwezi wa August m'tsinde mwa phiri la Hora, amadziwa kuti Mngoni savala zikopa, nthenga ndi mikanda mwachisawawa. Chilichonse chili ndi malo ake. Diso lodziwa kugwirizanitsa zinthu lidalipo kale. Chimene chidasintha ndi nsalu chabe.

Malaya a kolala ndi tayi zidabwera ndi sukulu ndi tchalitchi. Amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland adatsegula masukulu pakati pa Angoni, ndipo m'chaka cha 1902 Donald Fraser adakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika ku Katete kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Mphunzitsi, kalaliki ndi katekisiti ankadziwika ndi jekete ndi tayi, ndipo mwana wa sukulu ankalakalaka tsiku limene naye adzavale chomwecho. Ngakhale gule wa malipenga wa anansi athu a ku Nkhata Bay adatengera kavalidwe komweko: malaya oyera, tayi ndi masokosi aatali.

Njira yachiwiri idali ya ku Joni. Kwa zaka zambiri amuna a ku Mzimba ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ena paokha. Boma lidaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70. Kulemba anthu kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA mpaka 1988. Wobwera ku Joni ankadziwika ndi sutukesi, chipewa, ovakoti ndi juzi yolemera. Mpaka lero anyamata ambiri a m'boma lino ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo m'katundu amene amatumiza kumudzi simulephera malaya a adada.

Zovala zimenezi zili ndi mbiri yakenso kumene zidachokera. Tayi adayambira pa kansalu kamene asilikali a ku Croatia ankamanga pakhosi m'zaka za m'ma 1600, Afalansa n'kukakonda. Dzina lakuti juzi lidachokera ku chilumba cha Jersey, kumene anthu ankalukira asodzi zovala zaubweya. Juzi ya mabatani kutsogolo, yotchedwa kadigani, idatenga dzina kwa mkulu wa asilikali wa ku Britain pa nkhondo ya ku Crimea m'zaka za m'ma 1850, nkhondo yomweyo imene Florence Nightingale adatchukira nayo pa ntchito ya unamwino. Juzi, tingoti, idabadwira ntchito yoteteza thupi. Kukongola kudabwera pambuyo.

Mmodzi alankhule, ena amvetsere

Lero zovala zambiri za abambo zimachokera pa kaunjika. Belo likatsegulidwa pamsika wa Jenda kapena wa Mzimba, mumatuluka malaya amizeremizere, a timabokosi, a maluwa, matayi a mitundu yonse ndi majuzi a zojambula zosiyanasiyana. Chilichonse pachokha n'chokongola. Vuto limabwera pozivala pamodzi.

Lamulo loyamba ndi lofanana ndi la pabwalo la mfumu: mmodzi akamalankhula, ena amakhala chete. Pakati pa malaya, tayi ndi juzi, chimodzi chokha ndicho chikhale ndi phokoso. Ngati malaya ali a timabokosi toonekera patali, tayi akhale wa mtundu umodzi, juzinso yopanda zojambula. Ngati tayi ndiye wa maluwa kapena mizere yowala, malaya akhale oyera kapena a buluu wopepuka. Ngati juzi ndiyo ili ndi zojambula pachifuwa, malaya ndi tayi zidekhe.

Lamulo lachiwiri ndi la amene akufuna kuphatikiza zojambula ziwiri. Izi n'zotheka, bola zisiyane kukula. Malaya a timizere ting'onoting'ono, tomwe munthu akakhala patali amangoona ngati mtundu umodzi, amagwirizana ndi tayi wa mizere ikuluikulu yopingasa. Malaya a timabokosi tating'ono amalandira tayi wa madontho akuluakulu otalikirana. Koma mizere yofanana kukula pamalaya ndi patayi imalimbana, ndipo wokuyang'anani maso amachita chizungulire. Zojambula zitatu nthawi imodzi zisiyireni anthu a pa kanema.

Malaya osokedwa ndi nsalu ya chitenje ali ndi lamulo lawolawo. Iwo amalankhula okha, safuna tayi. Kukazizira, valani juzi kapena jekete la mtundu umodzi, ndipo mtunduwo ukhale umodzi mwa mitundu imene ili m'chitenjemo. Kuvala kotereku kumapatsanso ntchito atelala athu a pakhonde.

Mitundu yogwirizana

Akhristu Achikatolika sitiyenera kuvutika kumvetsa kuti mtundu umalankhula. Wansembe amavala chobiriwira m'nyengo ya pachaka, chapepo mu Adventi ndi Lenti, choyera pa Khirisimasi ndi Pasaka, chofiira pa Lachisanu Loyera ndi pa Pentekoste. Tikangolowa m'tchalitchi, maso amatiuza nyengo ngakhale wina asanalengeze. Chovala cha bambo chimachitanso chimodzimodzi pamaliro, paukwati kapena pokafunsira ntchito.

Njira yosavuta ndi iyi. Malaya akhale opepuka mtundu kuposa tayi, ndipo tayi akhale wakuderapo. Malaya oyera, a buluu wopepuka, a kirimu kapena a pinki wozimirira amawalitsa nkhope ya munthu wa khungu lakuda, ndipo amalola tayi aliyense. Malaya akuda ndi tayi woyera kapena wonyezimira ndi za oimba pa siteji. Pamsonkhano wa tchalitchi kapena pamaso pa wolemba ntchito sizipereka chithunzi cha kudekha.

Kenaka funani mtundu umodzi woti ubwerezedwe. Ngati tayi ali ndi timizere tofiirira ngati vinyo, juzi ya mtundu umenewo imamanga zonse pamodzi. Ngati malaya ali ndi timabokosi ta buluu, tayi wa buluu wakuda amakhala ngati adagulidwira malaya omwewo. Mitundu ikuluikulu isapitirire itatu pathupi lonse, kuwerengera ndi buluku lomwe.

Pali mitundu ina yomwe siikangana ndi mnzake aliyense: buluu wakuda, wotuwa ngati phulusa, ndi wa khofi. Bambo amene angathe kugula juzi imodzi yokha asankhe pakati pa itatuyi. Wobiriwira wakuda, ngati masamba a paini, umagwirizana bwino ndi malaya a kirimu ndi buluku la khaki. Lamba ndi nsapato zifanane: zakuda ndi zakuda, za khofi ndi za khofi.

Apa pali mfundo ya zaumoyo imene ambiri saidziwa. Alipo anthu amene adabadwa osatha kusiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Vutoli ndi la kumtundu, limadzera kwa mayi, ndipo limapezeka kwambiri mwa amuna kuposa akazi. Bambo wotere akaphatikiza mitundu yosayenda, si kuti ndi wosasamala. Maso ake amaona mosiyana ndi athu. Amayi kunyumba kapena mwana angamuthandize pomupachikira malaya, tayi ndi juzi zogwirizana pa hang'ala imodzi. Koma ngati munthu ankaona bwino mitundu n'kuyamba kusokoneza ali wamkulu, afike kuchipatala. Ng'ala imazimiritsa mitundu pang'onopang'ono. Ndipo mmodzi mwa mankhwala a TB, wotchedwa ethambutol, nthawi zina amakhudza mtsempha wa maso, moti wodwala amayamba kulephera kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Amene akumwa mankhwala a TB akaona zimenezi, auze achipatala tsiku lomwelo.

Chosalala ndi chokhakhala

Chinthu chachitatu sichioneka ndi maso okha, chimamveka ndi zala. Nsalu ina ndi yosalala ndi yonyezimira, ina ndi yokhakhala ndi yochindikala. Zofanana zimayendera limodzi. Tayi wonyezimira wa silika kapena poliyesitala amafuna malaya osalala, ositidwa bwino, ndi suti kapena juzi yopyapyala yolukidwa mothinana. Juzi yochindikala ya mizere yopotana ngati chingwe imafuna malaya a nsalu yolemererapo, ndi tayi wosanyezimira, wolukidwa kapena waubweya, apo ayi osavala tayi n'komwe. Tayi wa paukwati pansi pa juzi ya kumunda amaoneka ngati mlendo wosochera.

Khosi la juzi limatiuzanso zochita. Juzi ya khosi la V idapangidwa kuti mfundo ya tayi ionekere, ndipo ndiyo yoyenera kutchalitchi ndi kuofesi. Juzi ya khosi lozungulira imabisa tayi, choncho ndi bwino kuivala popanda tayi, nsonga za kolala zitalowa m'kati. Kadigani imalola zonse ziwiri, ndipo ili ndi ubwino wina: dzuwa likatentha masana mumangomasula mabatani.

Kukula kwa chovala kumaposa mtengo wake. Kolala ikamangidwa, zala ziwiri zizitha kulowa pakati pa nsalu ndi khosi. Msoko wa paphewa ukhale pomwe phewa lathera. Nsonga ya tayi ifike palamba, osapitirira, osaperewera. Malaya a pa kaunjika ambiri adasokedwera anthu a matupi akuluakulu; telala angawachepetse m'mbali ndi m'mikono ndi ndalama yochepa, ndipo kolala yoperepeseka angaitembenuze n'kukhalanso yatsopano.

Juzi ndi mankhwala a chisanu

Chimene chimatenthetsa munthu si kulemera kwa chovala koma mpweya umene watsekeredwa pakati pa nsalu. N'chifukwa chake zovala zitatu zopepuka, vesiti, malaya ndi juzi, zimateteza kuposa chijasi chimodzi pathupi lopanda kanthu. Pamwamba pake pafunika jekete lotchinga mphepo, makamaka kwa a kabaza wa njinga zamoto amene amadutsa msewu wa M1 m'bandakucha, alonda a usiku, ndi ocheka matabwa m'nkhalango ya Viphya, imene kubzala kwake kwakukulu kudayamba mu 1964 mpaka kufika mahekitala pafupifupi 53,000.

Pogula, werengani kansalu kolembedwa kamene kamakhala pakhosi kapena m'mbali mwa chovala. Mawu akuti cotton akutanthauza thonje: limamwa thukuta, silivuta khungu, ndipo ndi labwino pa vesiti ndi malaya. Koma thonje likanyowa limazizira ndi kuba kutentha kwa thupi, choncho wogwira ntchito yotulutsa thukuta asinthe malaya dzuwa lisanalowe. Mawu akuti wool akutanthauza ubweya wa nkhosa, umene umafunda ngakhale utanyowa pang'ono ndi nkhungu, ndipo sugwira moto msanga. Acrylic ndi polyester ndi ulusi wa m'fakitale, wachibale wa pulasitiki. Ndi wotsika mtengo, suvuta kuchapa, koma ukagwira moto umasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Mfundo imeneyi si yaing'ono. M'miyezi yozizira zipatala zimalandira anthu ambiri opsa ndi moto, makamaka ana, okalamba, oledzera ndi odwala khunyu. Munthu wa khunyu asamaothe moto ali yekha, ndipo pogula juzi yake ndi bwino kufunafuna yaubweya. Chovala chikagwira moto, munthu asathamange. Agone pansi, agubuduzike, ena amuphimbe ndi bulangete lochindikala. Pachilondapo thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapaka mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta, osamatula nsalu imene yamatirira, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ndi mdani wina. Makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka tulo tosadzuka nato. Ndi bwino kugona mutavala juzi, masokosi ndi chipewa kusiyana ndi kugona ndi mbaula. Kachasu nayenso ndi wonyenga: amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pamene thupi likutaya kutentha kwake. Woledzera akagona panja usiku wa July ku Luwawa, moyo wake uli pachiswe.

Chibayo chimayamba ndi tizilombo, osati mphepo payokha. Komabe chisanu, utsi wa m'nyumba ndi kuthithikana zimafooketsa chifuwa, makamaka cha agogo. Thupi la wokalamba silisunga kutentha ngati la mnyamata. Agogo akayamba kusokonezeka, kulankhula mokoka lilime kapena kuodzera mosadziwika bwino tsiku lozizira, afunditseni, apatseni chakumwa chofunda ngati akutha kumeza, ndipo apite kuchipatala.

Chapani, yanikani, sitani

Chovala cha pa kaunjika chadutsa m'manja ambiri chisanafike kwa inu. Musachivale musanachichape ndi sopo, kuchiyanika padzuwa ndi kuchisita. Mphere ndi nsabwe zimatha kuyenda ndi zovala ndi zofunda. Kachilombo ka mphere sikakhala moyo masiku opitirira atatu kunja kwa thupi la munthu, choncho chovala chosatheka kuchapa ndi madzi otentha chimangidwe m'jumbo kwa sabata imodzi.

Simbi nayo ndi chida cha zaumoyo. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo imachuluka nthawi ya dzinja. Mphutsi zake zimaboola khungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Kusita mbali zonse, makamaka m'misoko, kumapha mazirawo. Agogo athu amene ankaumirira kuti ngakhale kabudula wa m'kati asitidwe sankachita matama.

Juzi yaubweya imafuna kuleza mtima. Ichapidwe ndi madzi ozizira, osaipotokola, osaipachika pachingwe chifukwa imatamuka. Iyalidwe patebulo kapena pamphasa yoyera yokwezedwa, osati paudzu. Poisita, yalani kansalu konyowa pamwamba pake. Tayi sachapidwa kawirikawiri. Mukavula masulani mfundo, mumukulunge kapena kumupachika.

Kusachapidwa kwa tayi ndiko kudachititsa kuti achotsedwe m'mawodi a m'maiko ena. Mu 2006 bungwe la madokotala la ku Britain lidalangiza mamembala ake kusiya kuvala tayi poona odwala, ndipo chaka chotsatira boma la dzikolo lidalengeza kuti ogwira ntchito m'mawodi asavale chilichonse kuyambira pachigongono kutsika. Tayi amalendewera, amakhudza bedi ili ndi ilo, ndipo mikono yaitali ya juzi imalepheretsa kusamba m'manja bwino. Ophunzira athu aamuna a unamwino timawauza zomwezo: tchenani Lamulungu, koma m'wodi mikono ikhale yaifupi, ndipo kukazizira valani vesiti yofunda m'kati mwa yunifolomu. Abambo odzazonda odwala nawonso alowetse tayi m'malaya asanaweramire pabedi.

Kolala imanena zoona

Amuna ambiri safulumira kupita kuchipatala, ndipo ochepa ndi amene amakwera sikelo. Koma kolala ndi lamba zimayeza thupi tsiku ndi tsiku. Malaya amene chaka chatha ankakwana bwino pakhosi, lero dzanja lonse likulowa, akunena kanthu. Kuonda kosadziwika chifukwa chake, pamodzi ndi kutsokomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi, ndi zizindikiro za TB. Kuyeza makhololo ndi mankhwala ake n'zaulere, ndipo matendawa amachira munthu akamwa mankhwala mokhulupirika kwa miyezi 6. Kuonda kophatikizana ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi kungakhale matenda a shuga. Kuyezetsa HIV kukhalenso m'gulu la zoyamba kuchita.

Abambo amene adagwirapo ntchito m'migodi ya golide asamale kwambiri. Fumbi la miyala limaononga mapapo ndipo limatsegulira khomo TB ngakhale patapita zaka zambiri. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wa chipukutamisozi cha 5 biliyoni randi kwa ogwira ntchito m'migodi ya makampani angapo a golide amene adadwala matenda a fumbi kapena TB, ndipo ndalamazo zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust. Mapepala akale a ku mgodi asatayidwe.

Kolala ikayamba kuthina ilinso ndi uthenga. Kunenepa kwa khosi ndi mimba kumayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Chotupa cha pakhosi, kaya chikupweteka kaya ayi, chisabisidwe ndi tayi. Amayi amene mumachapa ndi kusita malaya a amuna anu, inu ndi amene mumayamba kuona kusinthaku. Lankhulani.

Malaya a mabatani ndi mwana wobadwa masiku asanakwane

Pali ntchito ina ya malaya ndi juzi ya bambo imene ife azamba timaiona ngati yoposa zonse. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 lidaonetsa kuti ku Malawi ana pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse ankabadwa masiku asanakwane. Mwana wotere alibe mafuta okwanira m'thupi, ndipo amazizidwa msanga. Kutentha kwa thupi lake kukatsika pansi pa madigiri 36.5, amayamba kufooka, kulephera kuyamwa ndi kupuma movutika. M'dera lozizira ngati Luwawa, ngoziyi imakula.

Njira ya kangaru, imene idayamba m'dziko muno pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndi yosafuna magetsi. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, n'kuikidwa choimirira pachifuwa cha munthu wamkulu, khungu kukhudza khungu, mutu utatembenuzidwira kumbali, atamangidwa ndi chitenje. Mayi sangathe kuchita izi usana ndi usiku wonse. Ayenera kusamba, kudya ndi kupuma. Chifuwa cha bambo chimafunda chimodzimodzi. Avule tayi ndi vesiti, asambe m'manja, amange mwana, kenaka avale malaya a thonje a mabatani ndi kadigani pamwamba, nkhope ya mwana ili poonekera. Asasute fodya, asadzole mafuta a fungo lamphamvu, ndipo ngati ali ndi chimfine kapena chifuwa apatse wina.

Juzi yakale yong'ambika m'zigongono isatayidwe. Ikachapidwa n'kumasulidwa, ulusi wake umalukidwa tizipewa ndi timasokosi ta makanda. Magulu a amayi m'maparishi angachite ntchito imeneyi mwezi wa May usanathe, n'kukapereka kuchipinda cha amayi oyembekezera pa Katete, pa Mzambazi kapena pachipatala cha boma cha Mzimba.

Zochepa zogwirizana

Tiyeni tiwerenge. Malaya atatu, oyera, a buluu wopepuka ndi a timizere ting'onoting'ono. Matayi awiri, wina wa mtundu umodzi wakuderapo, wina wa mizere kapena madontho. Majuzi awiri, ya khosi la V yabuluu wakuda ndi kadigani yotuwa. Zinthu 7 zimenezi zimapereka kavalidwe kosiyana ka 12, ndipo palibe kolakwika. Amene adagula malaya 10 owala pongotengeka ndi maso pamsika amapezeka m'mawa alibe choti avale. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire, yang'anani kolala ndi m'khwapa, yesani mabatani, ndipo juzi muiunike padzuwa kuti muone mabowo a njenjete.

Pa maukwati, mabanja ena amalowa ngongole posoketsa malaya ndi matayi a mtundu wowala amene aperekezi sadzavalanso. Komiti ya ukwati ikasankha malaya oyera ndi tayi wodekha, anyamatawo adzapita nazo kokafunsira ntchito. Achibale a ku Joni akafunsa choti atumize, juzi imodzi yaubweya ya agogo imaposa matayi asanu.

Pomaliza, kutchena kusasanduke muyeso wa Chikhristu. Kalata ya Yakobo, m'mutu wachiwiri, imadzudzula mpingo umene umapatsa mpando wabwino munthu wovala zokongola n'kuimika wosauka kumbuyo. M'midzi yathu muli abambo amene amajomba ku Misa m'miyezi yozizira chifukwa alibe chofunda, ena chifukwa cha manyazi ndi malaya ong'ambika. Miphakati ndi magulu a abambo angathe kuwadziwa ndi maina, kusonkha majuzi ndi majekete amene angokhala m'masutukesi, kuwachapa, kuwasita ndi kukawapereka mwakachetechete June asanafike. Bambo amene ali ndi majuzi atatu ayambe ndiye.